Manambala Amene Ndinkawauza Bambo

Lachitatu, 3 Januwale 1996

Andigoneka m'chipatala china kuno ku Bethesda, ku America, chipinda cha anthu awiri, bedi la kuzenera. Ine Enelesi, amene ndatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikusambitsa ndi kutembenuza nkhalamba za eni kunyumba yosungira okalamba ku Rockville, lero andifunsa ngati ndingathe kupita ndekha kuchimbudzi. Ndati ndingathe. Andiperekezabe.

Kopeli ndi la mwana wathu Tasha, linatsala la masamu. Amuna anga, a Ludoviko, abwera nalo pamodzi ndi chitenje ndi mafuta odzola. Ati ndizilemba zonse zimene madokotala akunena, chifukwa iwo Chingerezi cha m'chipatala chimangowadutsa.

Chandibweretsa ndi ichi: kutentha thupi kuyambira pa Khirisimasi, nkhama kutuluka magazi ndikamatsuka mano, zigamba zakuda m'miyendo popanda kugundika paliponse. Atangomva kuti ndine wa ku Malawi anathamangira malungo. Ndinawauza kuti kumudzi ndinapondako komaliza mu 88, udzudzu wake ungakhale wopirira zedi. Anayezabe. Malungo palibe.

Kutentha madzulo ano: 101.3. Mwa kwathu 38.5.

Lachinayi, 4 Januwale

Tsiku la kuno limayamba ndi wokoka magazi. Kenako namwino ndi kamakina kake koyezera kutentha, kenako dzira lopanda mchere ndi khofi wamadzimadzi.

Unamwino ndinauphunzira kumudzi, ndi Celsius. Kuno amayeza ndi Fahrenheit, ndipo kuntchito ndakhala ndikulemba manambala awowo tsiku ndi tsiku, koma m'mutu mwanga sanakhazikike. Munthu akandiuza 101.3 ndimangomva ngati akutchula pamene pamamveka wailesi. Ndiyenera kuchotsa kaye 32, kutsala 69.3. Kuchulukitsa ndi 5, kukhala 346.5. Kugawa ndi 9. Ndikafika pa 38.5 pamenepo ndiye ndimadziwa kuti ndikudwala.

Pabedi linalo pali Mayi Lorraine, mayi wachikuda wa mu Washington momwemu, anapuma ntchito ya ku positi, awachita opaleshoni ya ndulu. Anandiona ndikulemba masamu pakona ya pepala la chakudya nkufunsa ngati ndikubetcha lotale. Nditawafotokozera anaseka mpaka kugwira pabala. Ati iwo namwino atawauza kuti thupi lawo lili pa 38 angoitanitsa abusa, chifukwa 38 ndi kuzizira kwa firiji yawo. Anandipempha kuti ndiwasinthire yawo, 99.5. Ndinawauza kuti ndi 37.5. Ati yaoneka yotchipa, akhalabe ndi yakale.

Masana anandigoneka chafufumimba nkundiboola fupa la m'chiuno kuti atenge mafuta a m'mafupa. Jakisoni wa dzanzi amagwira khungu lokha. Sindinalire.

Lachisanu, 5 Januwale

Adokotala a za magazi abwera masana, mayi wamfupi wovala nsapato zothamangira. Anakoka mpando nkukhala pansi. Ntchitoyi ndaigwira, ndikudziwa kuti dokotala akakhala pansi nkhani yake si yabwino.

Khansa ya m'magazi, yofulumira. Dzina lake lalitali andilembera papepala, mwachidule AML. Mankhwala ayamba mawa. Ndikhala muno mwezi, mwina kuposa. Tsitsi lithothoka. Asilikali a m'thupi afa onse, abwino ndi oipa omwe, ndiye kachirombo kalikonse kangathe kundigwetsa.

A Ludoviko anagwira chitsulo cha bedi nkufunsa ngati Tasha angatengere. Anawauza kuti ayi. Ine ndinkangoyang'ana chingwe cha nsapato ya adokotala, chinali chomasuka.

Potuluka adokotala anafunsa ngati ndili ndi abale a bere limodzi. Ndinati mmodzi, mlongo wanga wamng'ono, Ackim, ali kumudzi. Analemba. Ati tidzakambirana.

Sindikumva kanthu. Ndadya chakudya chamadzulo chonse, ndi keke ya Mayi Lorraine yomwe.

101.0. Ndi 38.3.

Loweruka, 6 Januwale

Andisamutsira chipinda cha ndekha. Wolowa muno asambe m'manja, avale chotseka pakamwa. Maluwa saloledwa, zipatso zosaphika nazonso ayi. Andiika chubu pachifuwa kuti asamandibaye m'mikono. Mankhwala ndi awiri: wina wa diripi woyenda usana ndi usiku kwa sabata yathunthu, wina wofiira wa masiku atatu. Wofiirayo amafiiritsa ndi mkodzo womwe, anandichenjezeratu.

Namwino wa mbali ino ndi Bupe, wa ku Lusaka. Anaona chitenje changa pabedi nkuyamba kundilankhula Chinyanja chake chodulira. Wandiuza lamulo la kuno: kutentha kukafika 100.4 amaitana dokotala nthawi yomweyo. Ndinawerengera nkupeza kuti nambala yooneka yaukatswiri choncho ndi 38 wamba.

Tagwirizana ndi a Ludoviko kuti Bambo anga asauzidwe. Bambo ali ku Mponela. Anali medikolo asisitanti moyo wawo wonse, uja anthu akumudzi amangomutcha adokotala, ndiye akangomva dzina la matendawa adziwa mathero ake kuposa tonsefe. Amayi atamwalira mu 94, sabata isanathe Bambo anachita sitiroko. Dzanja lamanzere linafa, mwendo amaukoka, mawunso amakoka. Ackim ndi amene amawasambitsa ndi kuwaveka asanapite kukatsegula shopu yake yautelala. Kuchipatala anamuuza kuti nkhani ina yodzidzimutsa ingawamalize.

Komanso kwathu nkhani yoipa saimbira munthu wamkulu pafoni. Amatuma anthu, akhale naye pansi, ayambe ndi za mvula. Ine kuchokera kuno ndituma ndani?

Kunja kwayamba kugwa sinowo.

Lamlungu, 7 Januwale

Lamlungu loyamba la mwezi ndi tsiku langa loimba kumudzi. Foni ili kunyumba ya abusa. Ackim amawatenga Bambo panjinga akaweruka kutchalitchi, nkukhala pamenepo kudikira. Kuno 9 koloko m'mawa, kwawo 4 koloko madzulo. Kusaimba kukanawaopsa kuposa kuimba, ndiye ndinatenga khadi yoimbira foni imene a Ludoviko anandisiyira.

Vuto langa nlakuti Bambo sindinawanamizepo bwinobwino chibadwire. Ndikayesa mawu amandithawa, ndipo iwo amamva. Ndinawauza kuti ndili m'chipatala, thupi likutentha. Anasiya moni pomwepo nkuyamba ntchito. Malungo? Ayeza, palibe. Chifuwa? Ajambula, chili bwino. Ndiye akuti nchiyani? Ndinati akufufuzabe. Pamenepo ndinapinda pang'ono, komatu magazi amakokadi m'mawa uliwonse.

"Latentha kufika pati?"

Ndinayang'ana pabolodi pamene anamwino amalemba. "102.2, Bambo. Kuno amayeza mwa mtundu wawo."

Anaibwereza nambalayo pang'onopang'ono. Kenako anati, "Ndamva, Nambewe." Amanditcha choncho, dzina la mfunda wathu. Ndinawamva akutembenukira kwa Ackim nkumuuza kuti ndi manambala a ku America, asadandaule.

102.2 ndi 39 ndendende. Ndikanati 39 akanadzuka pampando ndi mwendo wofookawo. Sindinaname, ndinangosiya kuchotsa 32.

Ati ndiziimba Lamlungu lililonse mpaka nditatuluka.

Lachiwiri, 9 Januwale

Sinowo wakwirira mzinda wonse. A Ludoviko sanabwere kuyambira Loweruka, ali kunyumba ku Germantown akufukula galimoto ndi fosholo yobwereka. Dzulo anafukula mpaka kumaliza, nkupeza kuti ndi ya oyandikana nawo. Anandiimbira kuti andiseketse. Ndinaseka kuti amve.

Anamwino sakupita kwawo, akugona muno momwemo. Bupe wavala malaya omwewo kuyambira Lamlungu. M'mawa wailesi yakanema inati kunja kuli 18. Bupe amachita zachidule, kuchotsa 30 nkugawa pawiri, nkupeza 6 kunsi kwa ziro. Ine ndinapeza pafupifupi 8 kunsi kwa ziro. Ndinamuuza kuti njira yakeyo ndi yabwino posankha jekete, koma asadzayesere pa thupi la munthu. Ati pa thupi ali ndi makwerero ake: 98.6 ndi 37, ndiye digiri iliyonse ya kwathu ndi 1.8 ya kuno. 100.4, 102.2, 104. Wakwera 38, 39, 40.

Kenako anatembenuza kamakina koyezera nkundionetsa kumbuyo kwake.

"Ba Enelesi, aka kali na swichi apa. Ningachinje kazionetsa va kwatu, muleke kuvutika na masamu."

Ndinati akasiye momwemo. Anandiyang'ana, sanafunse.

Kuyambira lero sindisinthanso. Manambala a kunowa sandipweteka, ndipo pakali pano ndikufuna zinthu zosapweteka.

101.9.

Lachinayi, 11 Januwale

Kusanza kanayi. Mankhwala oletsa kusanza amandigoneka tulo topanda maloto. Andiwonjezera magazi mapaketi awiri. Fungo la khofi sindikulifuna ngakhale pakhonde.

Mayi Lorraine atuluka. Anaima pakhomo nkundibayibitsa kudzera pagalasi.

100.8.

Lamlungu, 14 Januwale

Diripi ija inatha dzulo. Asilikali a m'thupi atsala 300, munthu wabwinobwino amakhala nawo zikwi zingapo. Adokotala ati ndi zimene amafuna. Tsopano ndi kudikira.

Ndaimba kumudzi. Bambo sanataye nthawi ndi za mvula. Ndinati 101.5. Anafunsa ngati ndikumwa madzi okwanira, ngati mkodzo ukutuluka, ngati khosi likuuma. Ndinayankha zonse molondola. Anati, "Ndamva, Nambewe," nkupereka foni kwa Ackim.

Ackim anali wosangalala. Ati Bambo amuuza kuti matenda a ku America amachedwa kupola chifukwa cha kuzizira, palibe choopsa. Anandiuza za maoda a yunifolomu za sukulu, makina ake akuduladula ulusi. Anandipempha singano za nambala 16 wina akamapita kumudzi. Ndalemba apa kuti ndisaiwale.

Zikuyenda monga ndinafunira.

Lolemba, 15 Januwale

Lero ndi tchuthi, kwabwera anthu. Mayi Patricia, a mpando wa amayi kutchalitchi kwathu, anafika ndi thobwa m'botolo la juwisi, atalikulunga ndi thaulo pansi pa chikwama. Bupe analigwira pakhomo. Anakangana m'zinyanja ziwiri, wina akuti thobwa ndi mankhwala, wina akuti chilichonse chosasa muno ndi poizoni. Mapeto ake analimwa a Ludoviko pakhonde, lonse, kuti Mayi Patricia asabwerere nalo.

Anapemphera ataima kuphazi kwa bedi, mawu akutsamwa m'chotseka pakamwa. Ndinatseka maso nkumawerenga madontho a diripi ndi khutu.

Tasha anakhala pampando osavula jekete. Ali ndi zaka 15. Ndinamufunsa za sukulu m'Chichewa, anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Potuluka anandifunsa ngati agogo ake akudziwa. Ndinati akudziwa kuti ndili m'chipatala. Anati si zimene anafunsa.

Lachisanu, 19 Januwale

Kunja kwafunda mwadzidzidzi, mvula ikugwa pa sinowo, misewu yasanduka mitsinje. Akuti kwafika 61. Bupe ati imeneyo ndi yosavuta, umangotembenuza manambalawo, 61 ndi 16, monganso 82 ndi 28. Ndinati zikomo.

Tsitsi layamba kutsalira papilo. A Ludoviko anabwera ndi makina ometera. Anandifunditsa chitenje nkuyamba kumbuyo. Ndinawauza kuti kwathu amameta maliro akatha, iwo afulumira. Sanaseke. Anazimitsa makina nkutuluka panja, nkubwera patapita kanthawi kudzamaliza. Sindimayenera kunena, koma pakamwa panga masiku ano palibe mlonda.

Aboolanso fupa la m'chiuno kuti aone ngati mankhwala agwira ntchito. Zotsatira sabata yamawa.

Zilonda m'kamwa. 102.4. Asintha mankhwala opha tizirombo.

Lamlungu, 21 Januwale

103.1. Ndinanena choncho pafoni, lilime likulemera.

Bambo anafunsa ngati pali munthu pambali panga. Ndinati a Ludoviko alipo. Anati nsalu yonyowa pamphumi ndi m'khwapa, ngakhale azungu ali ndi makina awo. Anati, "Ndamva, Nambewe." Ackim sanamupatse foni, ati khadi ingathe.

A Ludoviko ananyowetsa kathaulo nkundiika pamphumi. Kanauma msanga.

Lachiwiri, 23 Januwale

Adokotala akhalanso pansi.

Mankhwala sanamalize. M'mafupa khansa ikadalimo. Andipatsa ulendo wachiwiri, wamphamvu kuposa woyamba, kutenthaku kukangotsika. Koma ati ngakhale ugwire, matendawa adzabweranso. Chimene chingandisunge ndi kundiika mafuta a m'mafupa a munthu wina, ndipo woyenera kwambiri ndi m'bale wa bere limodzi. Mwayi woti Ackim afanane nane ndi umodzi mwa inayi. Akufuna akakoketse magazi ku Lilongwe, atumizidwe kuno pandege. Akafanana, abwere yekha. Zonsezi zimatenga masabata, ndiye ziyambike tsopano.

Ndinati ndiganize kaye. Anandiyang'ana ngati sanamve bwino Chingerezi changa.

Atatuluka a Ludoviko anati amuimbira okha Ackim kudzera kwa abusa. Ndinawakaniza. Ackim sabisa kanthu, nkhope yake imanena zonse asanatsegule pakamwa. Ndipo angakwere bwanji basi ya ku Lilongwe osanena kumene akupita, iye ndi amene amawamanga Bambo mabatani? Kumuuza Ackim ndi kuwauza Bambo. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ine ndichire nditapha bambo anga.

A Ludoviko si munthu wokweza mawu, ndipo sanakweze.

"Amake Tasha, bambo anu mukuwasunga. Nanga mwanayu mukumusiyira ndani?"

Ndinatembenukira kukhoma. Ndikudziwa kuti funsoli liyenera kundipweteka, ndipo ndinadikira kuti lipweteke. Ndinangogona.

102.9.

Lachinayi, 25 Januwale

Awonjezera mankhwala achikasu a diripi, ati mwina m'mapapo mwalowa nkhungu. Amagwedeza thupi mpaka bedi kulira. Bupe anandifunditsa mabulangete atatu, kenako nkuwachotsa onse. Kumeza sindikutha, akundidyetsera m'chubu.

103.6.

Lachisanu, 26 Januwale

Adokotala afunsanso za Ackim. Akufuna yankho pofika Lolemba.

103.3.

Lamlungu, 28 Januwale

104. Ndaimba.

Lachiwiri, 30 Januwale

Za Lamlungu ndikulemba lero, dzulo dzanja linakana.

A Ludoviko ndi amene anadinda manambala a khadi nkundigwirira foni pakhutu. Ndinali nditakonza kuti ndinena nambala, ndimve "ndamva," ndigone. Bambo anafunsa funso lawo lija. Ndinati handiredi folo.

Sanabwereze. Ndinawamva akutuma Ackim kuti akapemphe madzi akumwa kwa amayi abusa kukhitchini. Chitseko chinalira.

"Nambewe, ndamutulutsa. Tsopano tilankhule. Matendawo dzina lake nchiyani?"

Ndinati ndi manambala a ku America aja, Bambo, amamveka aakulu chabe.

"A ku America ati? Ine ndinayamba ntchito pamishoni mu 54. Timagalasi tathu tonse toyezera tinali ta manambala amenewa, kamzere kofiira pa 98.4. Za 37 zanuzi ndaphunzira imvi zitayamba. Mpaka lero munthu akati 39 ndimasintha kaye m'mutu kuti ndimve. Koma handiredi folo sindisintha. Ndatsekapo ana maso pa nambala imeneyo."

A Ludoviko anaona nkhope yanga nkuyandikiza khutu lawo.

Bambo anapitiriza, mawu akukoka kuposa masiku onse. Ati kuyambira Lamlungu loyamba lija ankayesa kuti ndasankha dala. Ankati mwana wawo wakumbukira manambala akale kuti awauze iwo okha, mlongo wake asamve, pakuti Ackim anatengera mtima wofewa wa amayi ake. Ndiye Lamlungu lililonse pobwerera kunyumba, ali pakaliyala ya njinga, ankamunamiza mnyamatayo kuti zikuyenda bwino. Akafika ankalowa kuchipinda nkutseka chitseko. Kutentha kwa mwezi wathunthu, malungo palibe, chifuwa palibe, chipatala cha azungu osapeza chifukwa. Anali atawerengera kale okha. Ankangodikira kuti ndinene dzina.

"Ndinanyadira, Nambewe. Ndinati ngakhale ndapuwala, mwana wanga akundionabe ngati munthu woti nkumusenzetsa katundu."

Apa ndiye zinandipweteka. Zinandilowa pansi pa chubu chija nkufika mpaka m'mimba. Masabata onsewa ine ndili pano ndikudziyamikira kuti ndawateteza, iwo akugona nazo okha, dzanja limodzi, opanda womuuza. Sindinathe kuwauza kuti sindinawasankhe, kuti ndinkawabisira. Mwina anadziwa pamene ndinati amamveka aakulu chabe. Sananene.

Ndinatchula dzina. Khansa ya m'magazi. Mankhwala oyamba alephera. Akufuna magazi a Ackim, ndipo akafanana akufuna Ackim yemweyo.

A Ludoviko anagwira phewa langa. Tonse tinkamvetsera kuti kumbali inayo kugwa chinthu. Sikunagwe kanthu. Bambo anafunsa kuti madokotala ananena liti za magaziwo. Ndinati Lachiwiri. Anati tataya masiku. Anafunsa kuti akakokere kuti, angati, atumizidwe bwanji, ndipo a Ludoviko anatenga foni nkuwawerengera zimene adokotala anatilembera. Kenako ndinamva akuitana Ackim, mwamphamvu, ngati kale akamatiitana kuchokera pakhonde la chipatala.

"Uyu wabwera. Muuze wekha, m'manambala ake."

Ackim anatenga foni akupuma mothamanga, ati madzi abwera nawo. Anati achemwali muli bwanji lero.

Ndinati, "Ackim, thupi langa lili pa fote."

Ali ndi ana anayi, fote amaidziwa. Ndinamva kapu ikuikidwa patebulo. Ndinamuuza zotsalazo mwachidule, mawu anali atatsala pang'ono kundithera. Sanafunse chifukwa chimene sindinanenere kale. Anafunsa ngati basi yoyamba ya m'mawa ingamufikitse nthawi yabwino. Funso lotsatira sanandifunse ine, foni anali ataichotsa pakamwa.

"Nanga inu musamba bwanji ine kulibe?"

Mawu a Bambo anamveka chapatali.

"Dzanja limodzi lilipo. Iwe pita."

Khadi inathera pomwepo. Ndinalira koyamba chigonekedwere muno, ndipo a Ludoviko sanandiletse.